Za Kugulitsa Nyanja ya m'Bokosi

Ife amene tigwira ntchito ya uphunzitsi tazolowera kuphunzitsa ana masamu a malonda. Tilemba pa bolodi kuti munthu anagula mbuzi ndi ndalama zakuti, naigulitsa ndi zakuti, ndipo tifunsa ana ngati anapindula kapena anataya. Masamu otere sativuta konse, pakuti mbuzi ya pa bolodi ilibe nthenda yobisika, ndipo wogula wake sitimuona nkhope. Koma m'chaka cha 2022 tinakomana ndi malonda enieni kuno ku Mwaya, m'dziko la Atonga, m'boma la Nkhata Bay, ndipo anatisautsa mtima masabata ambiri. Tifuna kukufotokozerani m'mene anayendera, chifukwa tiyesa kuti yense wa inu adzagulitsa tsiku lina kanthu kamene wakagwiritsa kale ntchito, kapena njinga, kapena makina osokera, kapena bwato, ndipo funso limene linatipeza ife lidzampeza iyenso.

Chinthu chimene tinagulitsa chinali chachilendo ndithu. Linali bokosi lalikulu lagalasi losungiramo nsomba zamoyo, limene Azungu alitcha aquarium. Koma ana athu a sukulu analitcha Nyanja ya m'Bokosi, ndipo dzina limenelo linakhazikika m'mudzi monse. M'litali mwake munali mamita 2, m'mimba mwake masentimita 60, ndi msinkhu wake masentimita 60. Wodziwa masamu adzapeza kuti likadzala, mulowa madzi malita 720, ndizo ndowa 36 za malita 20. Ndipo popeza lita limodzi la madzi lilemera kilogalamu imodzi, madzi okhawo alemera makilogalamu 720, tisanawerengere galasi, miyala, ndi tebulo lachitsulo limene bokosilo linakhalapo.

Mwini wake woyamba anali Mzungu wina amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Dar es Salaam, m'mbali mwa nyanja yamchere. Kumeneko anasungiramo makorali ndi nsomba za m'matanthwe a nyanja ija. Atasamukira kunyanja kwathu kuno anabwera nalo pa lole, kudzera ku Songwe ndi ku Karonga, nayembekeza kulidzazanso monga kale. Koma anapeza kuti sikutheka, ndipo linangokhala louma m'nyumba mwake kufikira nthawi yakuti abwerere kwao. Pamenepo analipereka ku sukulu yathu, pamodzi ndi makatoni atatu a zipangizo zake.

Tinamfunsa chimene chinamkanika, popeza mchere uli pamsika uliwonse. Iye anatikhazika pansi natifotokozera. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi mchere monga magalamu 35 m'lita limodzi, chotero kudzaza bokosi lathu kamodzi kokha kufuna makilogalamu 25. Ndipo suli mchere wa ndiwo iai, koma wosanganiza ndi zinthu zina zimene makorali amangira matupi ao. Ndiponso mwezi ndi mwezi ayenera kutayako madzi ena ndi kuthiramo atsopano. Anthu ambiri ayesa kuti makorali ndi miyala kapena maluwa, koma ndi tizirombo tamoyo tating'onoting'ono tokhala pamodzi chimudzi, timene tidzimangira nyumba zolimba zonga njereza. M'thupi mwa tizirombo timeneti mukhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zipanga chakudya ndi kuunika kwa dzuwa, nizigawira mwini nyumba. Chifukwa chake makorali a m'bokosi afuna nyali zowala kopambana, madzi oyenda usana ndi usiku, ndi kutentha kosasinthika, monga madigiri 25 kapena 26. Madzi akatentha kopitirira, makorali ataya ndere zao nayera mbuu, ndipo ambiri afa. Chotero chinaoneka m'chaka cha 1998 m'matanthwe ambiri a nyanja ya India. Makorali a pafupi ndi ife ali ku zisumbu za Quirimbas ku Mozambique, ndi ku Mafia ndi Zanzibar ku Tanzania; ndi kutali, ndipo njira yake yonse ndi ya pamtunda.

M'makatoni aja tinapeza mapampu atatu, sefa, nyali zazitali, chotenthetsera madzi, kagalasi koyesera mchere, ndowa ziwiri za mchere wa kunja, miyala yoyera ya makorali akufa, ndi timabotolo ta mankhwala. Munalinso chida china chachitali chonga mtondo, chimene chitakasa madzi ndi mpweya kuti litsiro lituluke pamodzi ndi thovu; chimenecho chigwira bwino ntchito m'madzi amchere okha, ndipo ife sitinachilumikize ku magetsi ngakhale tsiku limodzi.

Tsono tinati, nyanja yamchere yatikanika, koma tili nayo yathu pakhomo. Tinapempha chilolezo kwa akulu a zausodzi, ndipo anyamata odziwa kumira anatigwirira mbuna pa miyala ya ku Nkhata Bay. Tinaika bokosilo m'chipinda cha mabuku, momwe munali magetsi, tinayalamo mchenga ndi miyala, ndi kulidzaza madzi a m'nyanja yathu.

Muyenera kudziwa kuti kwathu kuno mbuna siziyesedwa kanthu. Msodzi weniweni afuna usipa, utaka, chambo, kampango ndi batala. Mbuna azisiyira ana opha ndi mbedza pamiyala. Koma dzina ili la mbuna, limene lili la Chitonga, lidziwika lero ku Germany, ku America ndi ku Japan. Amene analitchukitsa ndiye Geoffrey Fryer, Mngelezi wophunzira za nsomba, amene anakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, nalemba za makhalidwe a nsombazi m'chaka cha 1959, nasunga dzina limene analimva kwa asodzi athu. Ndi iyenso amene m'chaka cha 1956 anatcha kansomba kena ka pa miyala yomweyo Labidochromis caeruleus. Abale ake achikasu, a ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay, asambira lero m'mabokosi agalasi m'maiko ambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant anali kutumiza nsomba zamoyo za m'nyanja yathu kunja pa ndege, kuchokera ku Kambiri Point pafupi ndi Senga Bay, kufikira imfa yake m'chaka cha 2007. Chotero anthu a kutali anapereka ndalama kuti aone chimene ife tinali kuchipondaponda posamba.

Zaka zisanu ndi zitatu bokosi limenelo linaphunzitsa pa sukulu yathu, ndipo tivomera kuti pa zina linaposa ife aphunzitsi. Ana anaona ndi maso ao nsomba yaimuna ikukumba kadzenje pansi pa mwala, niingitsa zinzake zonse; anaona maanga ake akuwala pokwiya ndi kuzilala pochita mantha. Anaona yaikazi ikutola mazira ake ndi kukamwa, niwasunga momwemo monga masabata atatu osadya kanthu, kufikira tsiku limene ilavula tiana tosambira kale. Kuyambira pamenepo sikunativutenso kuwafotokozera chifukwa chake msodzi wopha chambo pa nyengo yoswana apha zambiri m'nsomba imodzi. Tsiku lina anadza ada wina wokalamba, amene anathera moyo wake wonse m'bwato, nakhala pa benchi la ana kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litafika pamutu. Ponyamuka anati, "Aphunzitsi, zaka zonsezi ndaziona zitafa kale, lero ndaona m'mene zikhalira."

Koma akulu anati, walira mvula walira matope. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu a magetsi ake. Ngakhale ife okhala kumpoto tinalawa tsoka limenelo, pakuti magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Nsomba ya m'nyanja sisamala za magetsi, chifukwa mwera ndi mpoto ziitakasira madzi kwaulere. Koma ya m'bokosi moyo wake uli pa pampu. Pampu ikaima, mpweya uchepa m'madzi. Ndiponso tizirombo tosaoneka tokhala m'sefa, timene tidya zonyansa za nsomba, tifa, ndipo madzi asanduka ululu. Usiku wambiri tinadzuka ife ndi amai a kunyumba, tinatenga nyali ndi chikho, ndi kukatunga madzi m'bokosimo ndi kuwathiranso kuchokera pamwamba, kuti alowe mpweya. Anyamata a makalasi aakulu anasenza ndowa kuchokera kunyanja kawiri pa sabata. Ngakhale zinatero, m'mawa wina tinapeza nsomba khumi ndi imodzi zili chagada.

Pambuyo pake linadza tsoka loposa limenelo. Nthenda ya kolera, imene inayamba ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho, inafika m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay m'mwezi wa Ogasiti. Ndipo isanathe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Pa sukulu yathu zimbudzi ziwiri za atsikana zinali zitagwa ndi mvula, ndipo ndalama zomangira zina panalibe. Komiti ya sukulu inasonkhana patsinde pa mtengo wa mango. Atalankhula amuna ambiri, anaimirira ama wina nati, "Aphunzitsi, nsomba zanu zigona m'nyumba yagalasi, koma ana athu aakazi athawira kutchire." Tinafuna kuyankha, koma mau anatisowa, pakuti ananena zoona. Tsiku lomwelo tinapangana kuti bokosi ligulitsidwe, ndi kuti ligulitsidwe msanga, chifukwa kwacha inali itagwa ndi 25 pa 100 m'mwezi wa Meyi, ndipo mtengo wa simenti unali kukwera sabata ndi sabata.

Poyamba tinatuma mau kwa mnyamata wina amene tinamphunzitsa kale, wokhala ku Lilongwe, kuti atifunsire mtengo wa zinthu zotere zikakhala zatsopano. Mtengo umene anatiuza unatikondweretsa kwambiri, kotero kuti usiku womwewo tinamanga m'mutu mwathu zimbudzi zisanu ndi chitsime chomwe. Koma iye anatichenjeza kuti chinthu chakale sichitsata mtengo wa m'sitolo. Chikapita patali chifika pa theka, ndipo kawirikawiri pa gawo limodzi la magawo atatu. Ndipo pamene tinatsegula makatoni aja tinaona kuti zina zinalibenso mtengo konse. Mchere unali utayamwa chinyezi, nuuma gwa ngati mwala. Mankhwala oyesera madzi anali atapitirira nyengo yake. Apa tinaphunzira chinthu choyamba, chakuti wogulitsa awerengera zimene anaikamo, ndi usiku umene sanagone, ndi chikondi chake. Koma wogula sapereka ndalama pa zimenezo iai, apereka pa ntchito imene yatsala m'chinthucho.

Anadza anthu anai. Woyamba anali mmisiri wa matabwa, amene anafuna kung'amba bokosilo kuti galasi lake aike pa makabati. Wachiwiri anali mlimi wa nsomba za m'damu, amene anafuna mapampu okha. Tinaona kuti kugulitsa chimodzichimodzi kungabweretse ndalama zambiri, koma kuchedwa, ndipo pamapeto pake munthu atsala ndi chachikulu chimene palibe wochifuna. Wachitatu anali mai wina wa nyumba ya alendo pafupi ndi doko la Nkhata Bay, amene anafuna bokosi ndi nsomba zake, kuti alendo ake aziona. Koma ndalama zake zinali zochepa. Wachinai ndiye anatigwedeza mtima. Anali wamalonda wolemera wa ku Lilongwe, amene anaona zithunzi pa lamya ya m'manja ya mnyamata uja. Kunyumba kwake kunali magetsi a dzuwa ndi injini yake, ndipo anafuna zonse pamodzi, kuti aikemo madzi amchere ndi makorali monga anachitira mwini wake woyamba. Mtengo umene anatchula unakwanira zimbudzi zinai.

Tsono, abale, apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yathu. Bokosi lija linali ndi zilema ziwiri zimene sizinaoneke pa chithunzi.

Choyamba chinali pa ngodya ya kumbuyo. Magalasi asanu a bokosi lotere sagwirana ndi misomali, koma ndi ulimbo wotchedwa silikoni, ndipo ulimbowo ukalamba monga zikalamba zinthu zonse. Pa ngodya ija unali utayamba kulekana ndi galasi, ndipo m'mawa uliwonse tinali kupezapo madontho. Madontho okha si kanthu; koma kumbuyo kwao kunali madzi olemera makilogalamu 720, ofunafuna potulukira.

Chachiwiri chinali chobisika koposa. Chaka china nsomba zathu zinagwidwa ndi nthenda ya timaanga toyera, ndipo tinathiramo mankhwala a m'kabotolo kena ka m'makatoni aja, ndipo zinachira. Mankhwalawo anali a mkuwa. Mwini wake anali kuchizira nao nsomba m'chotengera chapadera, koma ife tinawathira m'bokosi lalikulu momwe. Mkuwa wochepa nsomba ziupirira, koma upha makorali, nkhono ndi nkhanu. Ndipo ulowerera m'miyala ndi mumchenga, nutuluka pang'onopang'ono pambuyo pake. Chifukwa chake osunga makorali ambiri akana miyala ndi bokosi zimene zinalawapo mkuwa. Palibe diso la munthu limene likadaona chilema chimenechi.

Tinaulula zonsezi kwa komiti. Msungichuma wathu, munthu wokhulupirika amene sanadyepo tambala ya sukulu, anati, "Aphunzitsi, malonda ndi m'maso. Abwere, aone, akakonda atenge. Pukutani pa ngodya m'mawa asanafike. Kodi tikakhala chete tanena bodza? Munthuyo ndi wolemera. Makorali ake akafa adzagula ena. Koma mwana akafa ndi kolera tidzagula kuti wina?" Musamuweruze msanga munthu ameneyu, pakuti sanadzifunire yekha kanthu, ndipo tikuuzani zoona kuti masiku atatu mtima wathu unavomerezana naye. Tinadziuza tokha kuti madontho ndi ochepa, ndi kuti mkuwa uja kapena unatha kale.

Chimene chinatibweza ndi kope la ana. Pamene tinali kuphunzira uphunzitsi anatilangiza kuti mwana aphunzira kuona bwino ngati alemba zimene waona. Chotero kuyambira pachiyambi tinaika kope pambali pa bokosi, ndipo ana anali kulembamo mosinthana tsiku limene tasintha madzi, nsomba imene yaswa, imene yafa, ndi zonse zochitika. Makopewo anafika asanu. M'menemo munalembedwa ndi dzanja la mwana tsiku limene tinathira mankhwala, ndi dzina la pa kabotolo. Munalembedwanso m'mawa uliwonse umene anapukuta pa ngodya. Chaka chimenecho ntchito yopukuta inali ya mtsikana wina wa Sitandade 6. Tsiku lakuti mawa wogula afika, anatipeza tikulongedza zipangizo, nagwada, natipatsa makope aja ndi manja awiri, nati, "Aphunzitsi, kodi awa apita pamodzi ndi bokosi? Mwini watsopano adzafuna kudziwa pofunika kupukuta."

Tinawalandira, ndipo tinaona kuti pali njira ziwiri zokha. Kapena tiwapereke kwa wogula, ndipo adziwe zonse. Kapena tiwabise m'kabati, ndi kuuza mwanayu kuti mawa akhale chete. Ndipo tikadatero, akadaphunzira kwa ife tsiku limodzi lomwelo phunziro lofafaniza zonse zimene tinamphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi: kuti munthu alemba zoona m'kope chifukwa cha mayeso, koma ndalama zikafika, kope alibisa. Pamenepo tinazindikira kuti mau aja akuti malonda ndi m'maso ali oona pa chilema chimene diso lingachipeze. Koma pamene wogulitsa adziwa chimene diso silingachipeze, kukhala chete kwake kulankhula, ndipo chimene kunena ndi bodza. Makolo athu anachidziwa ichi pamene anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mawa mwake sitinapukute pa ngodya. Wamalonda uja atafika, tinamsonyeza madontho, tinampatsa kabotolo kopanda kanthu, ndi kumtsegulira kope pa tsamba lake. Anawerenga nthawi yaitali osalankhula. Potsiriza anati, "Bambo mphunzitsi, zikomo. Bokosili ndikadaliika m'chipinda chochezera, pamene adzukulu anga asewera pansi, pafupi ndi nthambo za magetsi." Ife sitinali titaganizako za adzukulu ake, m'maganizo athu munali munthu wolemera yekha ndi makorali ake. Anakana bokosi, miyala ndi mchenga; anagula nyali, chida cha thovu chija, chotenthetsera madzi, kagalasi koyesera mchere ndi mapampu awiri, napereka mtengo woyenera zinthu zakale, nachoka.

Panatsala bokosi ndi nsomba zake, ndipo apa panabuka mlandu wachiwiri. Mmisiri wa matabwa anatchula ndalama zoposa za mai wa nyumba ya alendo, popeza kwa iye ulimbo wotha sunali kanthu. Koma nsomba sanazifune. Ana anati, "Tizibwezere kwao kunyanja," ndipo ife tinayesa kuti ndi mau achifundo. Koma titafunsa mkulu wina wa zausodzi, iye anatifunsa kuti, "Kwao ndi kuti?" Pamenepo tinakumbuka kuti sizinali zonse za ku Nkhata Bay. Zina anatibweretsera mnyamata wathu wina m'ndowa pa sitima ya Ilala kuchokera ku Likoma, ndipo tinazilandira mosadziwa. Ndipo zambiri zinabadwira m'bokosi momwemo, mwa makolo osanganikirana.

Mkuluyo anatifotokozera kuti mbuna sizikonda kuoloka mchenga kapena madzi akuya. Mtundu uliwonse ukhala pa miyala yake mibadwomibadwo, kotero kuti chisumbu chilichonse ndi ndomo iliyonse zili ndi mitundu yake ndi maanga ake. Ndicho chifukwa china chimene nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Anatiuzanso za chisumbu cha Thumbi West ku Cape Maclear, kumene m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ochita malonda a nsomba zamoyo anataya mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja. Zinakhazikika, nizichuluka, nizilimbana ndi eni malo; ndipo mtundu wina wotchedwa Cynotilapia afra unapezeka utaswana ndi mbuna za komweko. Chisumbucho chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndi kulembedwa ndi UNESCO m'chaka cha 1984 pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Koma palibe lamulo limene lingathe kuzisankhanso nsombazo. Ndiponso nsomba ya m'bokosi ingathe kunyamula nthenda kupita nayo kwa za m'nyanja. Ndipo tikadazitaya pa mchenga wa pagombe, popanda mwala wobisalamo, ncheni zikadazitha tsiku lomwelo.

Chotero tinataya kachiwiri. Tinagulitsa bokosi, tebulo, sefa, pampu yotsala ndi nsomba zonse kwa mai uja, titamuuza zonse. Ndipo iye anachotsanso pa mtengo wake ndalama za mmisiri wagalasi, chifukwa silikoni watsopano sagwira pa wakale, ndipo ayenera kupala wakale yense ndi kumata mwatsopano.

Tsiku losamutsa tinachita monga tinalangizidwa, ndipo tilemba apa kuti zithandize ena. Masiku awiri tisanayambe sitinadyetse nsomba, kuti zisaipitse madzi panjira. Tinaziika m'ndowa zovundikira, m'madzi ao omwe, zaukali pazokha. Thonje la m'sefa tinalisunga lonyowa, kuti tizirombo take tisafe. Tinachotsa miyala, mchenga ndi madzi onse, pakuti bokosi lagalasi silinyamulidwa muli kanthu, ngakhale madzi a m'chikhato. Amuna asanu ndi mmodzi analinyamula chogwira pansi, naligoneka pa matiresi m'lole. Nsomba zinakhala m'migolo kwa mai uja kufikira ulimbo watsopano utauma. Makope asanu aja anapita pamodzi ndi bokosi, ndipo mtsikana uja ndiye anawapereka. Ana ambiri anathamangira lole kufikira kumsewu, ndipo ena analira. Nafenso tinalowa m'chipinda cha mabuku ndi kutseka chitseko kanthawi.

Tsono tiwerengere pamodzi, monga tichita pa bolodi. Ndalama zonse zinaposa pang'ono theka la zimene wamalonda uja anatchula poyamba. Tinamanga zimbudzi ziwiri m'malo mwa zinai. Msungichuma sanatilankhule momasuka mwezi wathunthu, ndipo sitimuimba mlandu, pakuti atsikana anali kuima pamzere nthawi yopuma, ndipo mzerewo unali chipatso cha chisankho chathu. Makolo anaumba njerwa chaka chotsatira, ndipo chachitatu chinamangidwa, chachinai chinatsalira. Sitidzakunamizani kuti kunena zoona kunatibwezera ndalama mwa njira ina yodabwitsa, iai. Zinatayika ndithu, ndipo amene anamva kuwawa kwake ndi ana. Ichi tinena kuti wina asayese kuti kuona mtima pa malonda ndi chinthu chaulere. Kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina aulipira ndi ena amene sanafunsidwe. Chifukwa chake munthu ayenera kuwerengeratu mtengowo asanayambe malonda, osati pamene wogula waima kale pakhomo.

Kwa inu amene mudzagulitsa kanthu kakale, malangizo athu ndi awa. Musanatchule mtengo, khalani pansi ndi kuwerenga zilema zonse zimene muzidziwa, makamaka zimene wogula sangathe kuziona: mng'alu wa pansi pa bwato umene munaumata ndi phula, chitsulo cha njinga chimene munachiotcherera ndi kuchipaka utoto, ng'ombe imene inataya bere kawiri. Tchulani mtengo wa chinthucho pamodzi ndi zilema zake, ndipo muzinene inu poyamba, asanakufunseni. Funsani wogula ntchito imene afuna kuchita nacho, pakuti chilema chimene chili chabe kwa mmodzi chingakhale imfa kwa wina, monga mkuwa uja unali mankhwala kwa mbuna ndi ululu kwa makorali. Ndipo ngati pali chamoyo pa malondawo, dziwani kumene chidzagona usiku wotsatira musanalandire ndalama.

M'chipinda cha mabuku mwatsala zipsera zinai za dzimbiri pa simenti, pamene panaima miyendo ya tebulo. Ndi ndalama zochepa zimene zinatsala pogula malata tinagula magalasi a m'madzi awiri, ndipo nyengo ya chilimwe, mwera utaleka, titenga ana a Sitandade 7 kupita nao ku miyala, nabwerekana magalasiwo awiriawiri. Atabwerako alemba m'kope latsopano zimene aona. Mai uja atilola kudza ndi ana kudzaona nsomba zathu zakale pamene tifika kudoko, ndipo mmisiri wake anamata bwino. Pa ngodya ija mpouma.